Sikelo si kukwera pa sikelo chabe: zomwe mayi woyembekezera ayenera kulandira mu Blantyre muno, ndi chomwe chikutsekereza ambiri

Tsiku lina m'nyengo ya mvula, cha m'ma 10 koloko m'mawa, foni yanga inalira. Anali mayi wina amene amagulitsa tomato moyandikana ndi mng'ono wanga kumsika.

"Amayi, bwerani msanga, achemwali anu agwa pabenchi."

Ndinakwera kabaza mtima uli m'mwamba. Ndinakampeza atamukhazika pa katoni, akumukupiza ndi chitenje. Anali ndi pakati pa miyezi 7. Kuchipatala anamutsegula chikope, kuyang'ana zikhatho, kenako kumubaya chala. Namwino anapukusa mutu: magazi achepa kwambiri. Atatsegula bukhu lake la kusikelo, munali deti limodzi lokha. Anayamba sikelo pakati pali pa miyezi 6, ndipo mapiritsi oonjezera magazi amene anamupatsa anali akadali m'chikwama, atangomwako anayi.

Panjira pobwerera ndinamukalipira. Iye anangoti, "Achemwali, mapiritsi aja amandichititsa nseru. Ndiye kusikelo ndikapita, tomato andigulitsira ndani? Ana adya chiyani madzulo?"

Ndinasowa choyankha. Kuyambira tsiku lija ndakhala ndikufunsafunsa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi amayi anzanga a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi kwathu kuno ku Machinjiri. Ine si dokotala, ndine mayi wa ana atatu. Koma zomwe ndapeza ndati ndizilembe pano kuti wina asadzagwe pamsika ngati m'bale wangayu.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo yemwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Pafupifupi theka, abale. Anapezanso kuti amayi 24 okha mwa 100 ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo mmodzi yekha mwa atatu ndi amene ankamwa mapiritsi oonjezera magazi kwa masiku 90 kapena kupitirira apo.

Zotsatira zake timaziona pa ana. Kafukufuku yemweyo anati ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo sukugwirizana ndi zaka zawo chifukwa chosowa zakudya zoyenera kwa nthawi yaitali. Mu 2010 anali 47, ndiye tinasuntha ndithu. Ambiri timaganiza kuti ili ndi vuto la kumudzi. Inde kumudzi ndi kumene lakula, koma m'matauni namonso mwana mmodzi mwa anayi alionse anapezeka wopinimbira. Mumzinda wa anthu oposa 800,000 monga mmene kalembera wa 2018 anatiwerengera, amenewo ndi ana ambirimbiri.

Azaumoyo amakamba za masiku 1,000 oyambirira: kuchokera tsiku limene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'masiku amenewa ndi mmene ubongo ndi thupi la mwana zimakula mofulumira, ndipo zomwe zaonongeka panthawiyi n'zovuta kudzazikonza mtsogolo, ngakhale mutadzalemera n'kumamudyetsa nyama tsiku ndi tsiku. Masiku pafupifupi 270 mwa masiku amenewa mwana amakhala ali m'mimba. Mbale yake ndi mbale ya mayi ake.

Mayi wochepa magazi amatopa msanga, amachita chizungulire, mtima umathamanga. Choopsa kwambiri chimadza pochira: akataya magazi ngakhale ochepa, thupi lilibe posungira. Mwana naye akhoza kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku osakwana, ana 18 mwa 100 alionse. Ndipo kafukufuku wa mtengo wa njala yemwe anatuluka mu 2015 anati mu 2012 mokha dziko lino linataya ndalama zokwana K147 biliyoni chifukwa cha kunyentchera kwa ana. Si nkhani ya kukhitchini kokha iyi.

Kodi kusikelo mayi ayenera kulandira chiyani?

Ambiri timati tapita kusikelo tikangokwera pa sikelo, kutigwira pamimba, n'kutilembera deti lina. Koma pali zinthu zingapo zomwe ndi gawo la chithandizo, ndipo m'zipatala za boma n'zaulere. Mukaziona kuti sizinachitike, funsani mwaulemu.

Choyamba ndi nthawi. Kale ankati maulendo anayi akwana. Kuyambira mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe. Unduna wa Zaumoyo kwathu kuno unatengera ndondomeko yomweyi.

Chachiwiri ndi mapiritsi oonjezera magazi, timapiritsi tija tofiirira. Muli ayironi ndi folic acid. Ayironi ndi amene thupi limapangira magazi. Folic acid amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana ziumbike bwino, ndipo zimenezi zimachitika m'mwezi woyamba weniweni, nthawi zina mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. N'chifukwa chake kuyamba mochedwa n'kutaya mwayi. Piritsi ndi limodzi tsiku lililonse mpaka kuchira, ndi kupitirizabe kwa masabata angapo mwana atabadwa.

Chachitatu ndi kuyezedwa magazi. Kwa mayi woyembekezera, mlingo ukatsika pansi pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ukatsika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Funsani nambala yanu, ailembe m'bukhu.

Chachinayi ndi kuteteza malungo, chifukwa malungo amaswa magazi. Mayi amalandira neti, komanso Fansidar kuyambira mwezi wachinayi, kamodzi pamwezi, kosachepera katatu. Malawi ndi dziko loyamba lomwe linayamba kupereka mankhwalawa kwa amayi oyembekezera, mu 1993. Amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwanso Fansidar, anamwino amadziwa zimenezi.

Chachisanu ndi mankhwala a njoka za m'mimba, omwe amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Njoka zina zimayamwa magazi m'matumbo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuyeza thupi: kulemera kwa mayi ulendo uliwonse, ndi katepi kaja koyezera mkono. Katepiko kakaonetsa kuti mayi wanyentchera, amayenera kulowetsedwa m'ndondomeko ya chithandizo chapadera, ndipo ufa wa phala wosakaniza soya, womwe tonse timangoti Likuni Phala, ukakhalapo alandire.

Chomaliza ndi uphungu wa kadyedwe ndi kuyamwitsa. Maphunziro aja a m'mawa, amene timayamba ndi nyimbo ndi kuomba m'manja, ndiwo amenewo. Vuto ndi loti wofika mochedwa amawaphonya, ndipo pagulu la anthu 100 palibe angaimike dzanja n'kunena kuti kwathu tinagona ndi njala.

Zipatala zilipo, nanga chikutsekereza n'chiyani?

Pa mtunda sitingadandaule kwambiri ngati anzathu akumudzi. Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Limbe kuli zipatala zazing'ono za boma, ife a ku Machinjiri tili ndi South Lunzu. Zikavuta amatitumiza ku Queens, ku Gogo Chatinkha. Koma kumbukirani kuti Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma chapakati ngati maboma ena, ndiye katundu yense amagwera zipatala zazing'onozi ndi Queens. Anamwino ochepa, amayi mzere mpaka panja. Pamenepo ndi pamene mavuto amayambira.

Loyamba ndi nthawi. Mayi wa m'tauni sadya za kumunda, amadya zomwe wapeza tsiku limenelo. Wogulitsa mandasi, wochapa zovala m'makomo a anthu ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, wa kaunjika ku Limbe, akapita kusikelo 6 koloko n'kubwerako 1 koloko, ndiye kuti tsiku latha. Kuonjezera apo minibasi kapena kabaza. Chithandizo n'chaulere, koma tsiku la sikelo lili ndi mtengo wake.

Lachiwiri ndi nkhani ya abambo. Uthenga woti mayi abwere ndi mwamuna wake ulendo woyamba ndi wabwino, cholinga n'choti ayezetse limodzi ndi kumva uphungu limodzi. Koma mng'ono wanga anamva kwa anzake kuti wopita yekha amabwezedwa kapena kumuika kumapeto kwa mzere, ndipo bambo akunyumba kwake amayenda ndi malole, pakhomo amaoneka mwa apo ndi apo. Anangokhala n'kumadikira. Miyezi inapita. Taganizirani mtsikana amene mwamuna anamukana, kapena amene mwamuna wake ali ku Joni. Kubwera ndi bambo ndi chilimbikitso, si tikiti yolowera. Mayi wabwera yekha ayenera kuthandizidwa.

Lachitatu ndi kubisa. Tonse tinakula tikumva kuti pakati sitilengeza pasanaoneke, kuopa anthu a maso oipa. Ndiye kukaima pamzere wa sikelo, pomwe aneba akudutsa, ena amaona ngati kulengeza pa chimkuzamawu. Ine ndimati: aneba musawauze, koma namwino muuzeni. Iye ali ndi lamulo losunga chinsinsi.

Lachinayi ndi mapiritsi aja. N'zoona amachititsa nseru ena, ena kudzimbidwa, ndipo chimbudzi chimada. Kuda kwa chimbudziko si matenda. Namwino wina anatiuza njira yosavuta: kumwa piritsi usiku pogona mutadya kale, ndi madzi, osati ndi tiyi. Tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndiye pakhale ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi piritsi kapena chakudya. Chipatso chowawasa ngati lalanje, bwemba, malambe kapena gwafa chimathandiza ayironi kulowa bwino. Palinso mphekesera yoti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka mayi kukachira ndi opaleshoni, kapena amachulukitsa magazi n'kudzataya ambiri pochira. Si zoona. Wochepa magazi ndi amene ali pachiopsezo chachikulu akataya magazi.

Lachisanu ndi kutha kwa zinthu. Si chinsinsi kuti mankhwala ndi zipangizo zoyezera zimatha m'zipatala za boma, ndipo mayi amauzidwa kuti akagule ku famase. Wopanda ndalama amangobwerera kunyumba. Zakudya za amayi onyentchera nazo zimadalira kwambiri mabungwe akunja, ndipo thandizo la dziko la America litadulidwa kumayambiriro kwa 2025 tonse tinaona mmene kudalira ena kumapwetekera.

Lachisanu ndi chimodzi, lomwe ndi tsinde la zonse, ndi thumba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Namondwe Freddy anatisakaza mu March 2023, anthu a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche sadzaiwala. Mu 2024 kunabwera ng'amba mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Zonsezi zimathera pa mtengo wa wokumani wa ufa ndi kamulu ka bonya. Ndipo pakhomo chakudya chikachepa, amene amadya pomaliza tonse tikumudziwa.

Magulu 6 a zakudya ndi ndalama ya m'tauni

Kuchipatala amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa monga nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga, za nyama monga nsomba, mazira, mkaka ndi nyama, za mtundu wa nyemba monga nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta monga mafuta ophikira ndi mapeyala. Mayi woyembekezera aonjezere chakudya kamodzi pa mmene amadyera masiku onse, woyamwitsa aonjezere kawiri.

Amayi ambiri akamva zimenezi amaseka. "Magulu sikisi? Ife gulu limodzi lomwelo likutivuta." Ndikuwamvetsa. Koma nditakhala pansi ndi mng'ono wanga tinaona kuti pali zinthu zingapo zotheka popanda kuonjezera ndalama zambiri.

Tinasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Pokonola, gaga amapita ndi zofunika zambiri, komanso chimanga chimachepa. Mgaiwa umachuluka ndiponso umakhalitsa m'mimba.

Bonya, usipa ndi matemba timadya ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye timapezamo zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi. Kamulu kochepa mukakakazinga n'kukasinja, ufa wake mukhoza kuthira m'ndiwo zamasamba masiku angapo.

Masamba akuda bii monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa ndi chigwada ndi abwino kuposa kabichi, ndipo nthawi ya mvula ndi otchipa. Otendera ndiye bwino kwambiri, chifukwa nsinjiro ndi gulu lina kale. Koma tichepetse soda ndi kuphika mpaka masamba kuchita phala, zofunika zimathera pamoto.

Mbatata yofiira m'kati ili ndi vitamini A wambiri. Mitundu ngati Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira inafalitsidwa kudzera ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, pafupi pomwepa. Mukamagula, pemphani wogulitsa akuthyolereni imodzi muone m'kati. M'mawa mbatata imeneyi ikuposa buledi ndi tiyi.

Dzira limodzi. Ena amati mayi wapakati akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ine ana anga atatu onse ndinadya mazira, onse anabadwa ndi tsitsi lawo. Zoletsa zambiri za makolo zimagwera zakudya zomwe mayi akuzisowa kwambiri. Ndi apongozi tizikambirana mwaulemu, koma dziralo lidyedwe.

Tiyang'anenso paketi. Malamulo a dziko lino amati mchere ukhale ndi ayodini, shuga ndi mafuta ophikira zikhale ndi vitamini A, ndipo ufa wa tirigu ndi wa chimanga wopangidwa m'mafakitale uonjezeredwe michere. Koma ufa wa kuchigayo cha m'dera mulibe zimenezi, ndipo mafuta oyeza m'timapepala kumsika simungadziwe kuti achokera m'chigubu chanji. Mchere wa miyala wosapakira nawonso n'chimodzimodzi. Mchere gulani wa m'paketi yolembedwa, musunge motseka.

Nanga dothi lija logulitsa m'timapaketi? Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Dothilo silionjezera magazi, likhoza kubweretsa njoka ndi kutsekereza zakudya kulowa m'thupi. Mukaona mukulifuna kwambiri, kauzeni anamwino.

Pomaliza, ndalama ya fanta ndi majigisi ikhoza kugula nthochi, peyala kapena mtedza wokazinga. Osapeputsa kusinthako.

Mwana akabadwa, mayi timamuiwala

Mwana akangobadwa, maso onse amapita kwa iye. Alendo amabwera ndi sopo ndi timalaya, mayi n'kumawaphikira tiyi. Chonsecho iyeyo wataya magazi ndipo thupi lake likupanga mkaka usana ndi usiku. Ayenera kudya kuposa mmene ankadyera ali woyembekezera, kumwa madzi ndi thobwa mokwanira, kupitiriza mapiritsi aja, ndi kubwerera kuchipatala pakatha sabata imodzi komanso pa masabata 6, osati chifukwa cha katemera wa mwana yekha, koma kuti nayenso aonedwe.

Mwana aikidwe kubere m'ola loyamba. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa, osaufinyira pansi, ndiwo chitetezo chake choyamba. Kenako kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6: osampatsa madzi, phala, dawale kapena mankhwala azitsamba, kupatula zomwe achipatala alemba. Kuno kwathu kumene madzi a pa kiyosiki amasowa masiku angapo n'kumatunga m'zitsime ndi m'mitsinje ngati Nasolo ndi Mudi, botolo la mwana ndi njira ya matenda otsegula m'mimba. Kolera wa 2022 ndi 2023 tikumukumbuka. Chodandaulitsa n'choti mu 2010 ana 71 mwa 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, koma pofika 2016 anatsika kufika pa 61. Amayi amene ali ndi HIV nawonso amalangizidwa kuyamwitsa uku akumwa ma ARV mokhulupirika, ndondomeko yomwe Malawi inatsogolera dziko lonse lapansi mu 2011.

Kwa amayi apantchito, dziwani ufulu wanu. Lamulo la zantchito limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Litakonzedwanso mu 2021 linaonjezera nthawi yoyamwitsa, theka la ola kawiri pa tsiku, komanso tchuthi cha masabata awiri kwa abambo. Wantchito wa pakhomo nayenso ndi wantchito. Inu amene muli ndi mtsikana wokuthandizani pakhomo, lamuloli likukukhudzani.

Mwana akanyentchera, kusikelo ya ana amapereka chiponde, ndipo zikavuta amamugoneka ku Moyo, wodi ya ana onyentchera ku Queens. Chiponde china chimapangidwa konkuno ndi bungwe la Project Peanut Butter lomwe anayambitsa Dr Mark Manary. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Si chopaka pa buledi wa banja lonse, si chogulitsa pa okala.

Ndiye tichite chiyani?

Dziko lino linalowa m'ndondomeko ya padziko lonse yotukula kadyedwe ya Scaling Up Nutrition mu 2011, ndipo njira yaikulu yomwe inasankhidwa ndi ya ma care group: amayi odzipereka amene aliyense amayendera makomo 10 kapena kuposerapo pang'ono, kuphunzitsa kaphikidwe ndi kulondola amayi oyembekezera. Koma ntchito zazikulu za mtunduwu zakhala zikupita kumidzi. Pulogalamu ya Afikepo inali m'maboma 10, kuphatikizapo Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, Blantyre munalibe. Ya Maziko, yopereka ndalama kwa amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono, inapita ku Balaka ndi Ntcheu. Sindikuchitira nsanje anzathu akumudzi, akuvutikadi. Koma mayi wa lendi wa m'kachipinda kamodzi ku Ntopwa kapena ku Makata alibe munda, alibe dimba, alibe agogo pafupi. Maganizo anga ndi awa.

Ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre ndi khonsolo ya mzinda: bweretsani sikelo kufupi ndi kumene amayi ali. Sikelo ya ana imayenda kale m'madera, pa tchalitchi kapena pasukulu. Tsiku lomwelo pakhale namwino woona amayi oyembekezera, kupereka mapiritsi ndi kuyeza mkono. Ganiziraninso sikelo ya Loweruka kapena ya masana kwa amayi a geni. Ndipo pakhomo pa chipatala chilichonse pakhale chikwangwani cholemba m'Chichewa zomwe mayi ayenera kulandira, ndi mawu omveka oti wabwera yekha sabwezedwa.

Kwa aphungu ndi makhansala athu: pokambirana za ndalama zachitukuko, funsaniko ngati chipatala cha m'dera lanu chili ndi mapiritsi oonjezera magazi ndi zoyezera magazi. Mlatho timauona, koma izi nazo ndi chitukuko. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, boma linapereka K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda kudzera pa foni. Ndiye kuti njira yofikira osauka a m'tauni ilipo. Bwanji osaiganizira kwa amayi oyembekezera ovutikitsitsa?

Kwa ife eni dera: tili ndi magulu kale. Banki m'khonde, Mvano, Chigwirizano, Dorika, amayi a Chikatolika, amayi a Dawa kumzikiti, makomiti a m'misika, mabuloko lida. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu abwere pamsonkhano umodzi. Kumsika gwirizanani kuti wina akapita kusikelo, mnzake amugulitsire. Mayi uja amene anandiimbira foni ndi amene anadzagwira benchi la mng'ono wanga masiku onse a sikelo otsalawo, osalandira kanthu. Pakhomo pa lendi, thumba la simenti lakutha mukathiramo dothi limabereka bonongwe ndi mpiru, madzi ake omwe mwatsukira mpunga ndi ndiwo.

Kwa abambo: ndalama ya ndiwo ionjezereke mayi akaima, ndipo nthuli yaikulu isamangopita m'mbale yanu. Mukumbutseni piritsi usiku. Mutengereni ndowa. Ulendo umodzi wokha wa kusikelo sungakuchotsereni ubambo.

Mukakhala ndi funso koma simungathe kupita kuchipatala, kuli Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Chinatchuka ndi nambala yaulere ya 54747 pa Airtel, ndipo nthawi ya Covid-19 ndi kolera tinazoloweranso ya 929. Amayankhanso za kadyedwe. Ngati simunathandizidwe bwino pachipatala, pali komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatalacho komanso ofesi yolandira madandaulo. Kukadandaula kumeneko kumathandiza kuposa kungolalata mu minibasi.

Koma izi zokha musadikire nazo foni kapena deti la sikelo: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kupuma movutikira, kukomoka, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba. Nyamukani nthawi yomweyo.

Mng'ono wanga uja anachira bwinobwino, mwana wamkazi, wochepa thupi pang'ono koma wamphamvu. Miyezi iwiri yomalizayo anamwa mapiritsi ake usiku uliwonse, ine ndikumuimbira foni 8 koloko ngati wangongole. Pano wabwerera pabenchi lake, mwana kumbuyo. Sabata yatha ndinamupeza akukalipira mtsikana wina wogulitsa anyezi amene pakati pake payamba kuoneka: "Iwe, bukhu lako la kusikelo lili kuti? Mawa upite, anyeziyo ndikugulitsira ine."

Ngati pakhomo panu, pa mpingo panu kapena pabenchi loyandikana nalo pali wina woyembekezera, mufunseni funso lomwelo lero.